Kanambala ka pansi pa mchira wa Skyhawk

Zandimasukira tsopano, mtima wakhala pansi. Kwa miyezi ndakhala ndikusanja zithunzi za ndege yankhondo ya A-4 Skyhawk potsata zomwe diso limathamangira: zilembo ziwiri zikuluzikulu za pamchira, nambala ya pamphuno, ndi penti. Zinkangosokonekera. Chomwe sindinkachigwira n'chakuti zonsezo si za ndegeyo ayi, ndi yunifolomu ya gulu lomwe ikutumikira nthawi imeneyo. Chakechake ndi BuNo (Bureau Number), kanambala kolembedwa ting'onoting'ono kumbuyo, pansi pa timapiko ta kumchira. Asilikali apamadzi a ku America amaipatsa ndege nambalayi kamodzi basi, ndipo imafa nayo.

Taonani ndege yomwe John McCain, woyendetsa ndege wa ku America, anagwetsedwa nayo ku Hanoi pa 26 Okutobala 1967. Inali A-4E ya gulu la VA-163, kuchokera pa sitima ya USS Oriskany, zilembo AH pamchira, 300 pamphuno. AH akutiuza za CVW-16, gulu lalikulu la ndege zonse za pasitimapo. Nambala za 300 ndi 400 zinkapita kwa magulu a ndege zing'onozing'ono zoponya mabomba, ndipo yothera ndi 00 inkatchedwa ya mkulu wa gulu lalikululo. Ndege ikagwa kapena kupita kokakonzedwa, ina imavala 300 yemweyo. Koma 149959 ndi imodzi yokhayo. Palinso msampha apa: timaloweza kuti zilembo zoyamba ndi A n'za ku Atlantic, zoyamba ndi N n'za ku Pacific, komatu AH uyu anali ku Vietnam, komwe ndi mbali ya Pacific.

Penti nayenso ndi kalendala chabe. Kuyambira 1955 kumtunda kunali kotuwa, FS 36440, kunsi koyera konyezimira, FS 17875, pamodzi ndi mbali zoyenda za mapiko ndi mchira. Kuyerako sikunali kokometsera, kunali kobweza kutentha kwa bomba la nyukiliya lomwe ndegeyi inapangidwira kunyamula. FS ndi ndondomeko ya boma la America ya manambala a mitundu ya penti, ndipo nambala yake yoyamba imanena za kuwala: 1 wonyezimira, 2 wapakati, 3 wosanyezimira. Choncho 36440 ndi 16440 ndi mtundu umodzi, ndipo wopenta kachifanizo akasokoneza ziwirizi, kandege kake kamaoneka ka zaka zina. M'mphepete mwa zitseko za matayala munali mofiira kuti amakaniko asadzicheke. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera kutuwa kokhakokha, monga 36320 ndi 36375, ndipo zizindikiro zowala zija zinazimiririka.

Njira yanga tsopano ndi imodzi, ndipo sindikuona ina yoiposa. Pepala limodzi, BuNo imodzi. Mizere inayi: chaka, gulu, zilembo ndi nambala ya pamphuno, penti. Chithunzi chomwe BuNo yake sikuwerengeka ndimachiika pambali, ngakhale chikongole bwanji. Pa ndege za ku Australia njirayi imayenda ngati madzi, chifukwa iwo anangoika N13 patsogolo pa BuNo n'kuisiya momwemo. Ma Skyhawk awo analipo 20, ma A-4G 16 omwe ankanyamuka pa sitima ya HMAS Melbourne ndi ma TA-4G anayi ophunzitsira, ndipo khumi omwe anabwera mu 1971 anali atagwirapo kale ntchito ku America. Mu 1984 khumi otsala anagulitsidwa ku New Zealand, anapatsidwa nambala zoyamba ndi NZ62, anavala penti wobisalira, n'kuuluka mpaka 2001. Ndege imodzi, mayiko atatu, ndipo pepala limodzi limakwana.

Ku Argentina n'kovutirapo. Ma A-4Q 16 a asilikali awo apamadzi anali ma A-4B akale a ku America, koma anapatsidwa nambala zatsopano. Poyamba nkhondo ya ku Falklands mu 1982 anali akadali otuwa kumtunda, oyera kunsi, ndi zilembo zoyamba ndi 3-A, pomwe ma A-4B ndi A-4C a asilikali am'mlengalenga anali ndi penti wamawangamawanga wobisalira.

Chimandiwawa n'chakuti olemba mabuku ambiri a zojambula amakuonetsa ndege cham'mbali, yokongola bwino, pansi pake dzina la gulu basi, popanda chaka, popanda BuNo. Munthu umataya usiku wonse kufunafuna chinthu chomwe akanachilemba mumzere umodzi. Ndege zoimikidwa mosungira zakale nazonso zimasocheretsa, poti zina zimapentedwa kuti zifanane ndi ndege yotchuka, mpaka kulembedwa BuNo ya eni ake. Onjezani kusintha kwa mayina kwa 1962, pomwe A4D-2 inasanduka A-4B, ndiye nthawi yothera pa ndege zonse 2,960 zomwe zinapangidwa ichokera kuti?

Pomwe ndaima ndi pa ndege za ku New Zealand zomwe zija. Pa ntchito yozikonzanso yotchedwa Kahu zinaikidwa radar yatsopano ndi zipangizo zatsopano za woyendetsa, moti mkati mwake munasinthiratu. Papepala langa ndi mzere wotsatira wa ndege yomweyo. Koma ndikayang'ana zomwe zatsala kuchokera pa tsiku lomwe inatuluka ku kampani yoipanga ya Douglas, ndimakayika ngati ndipitirize pepala lomwelo kapena nditenge lina.