Mmene ndinalondolera ndalama zanga atandichotsa ntchito pageti

Anandichotsa ntchito Lolemba m'mawa, ndili pageti, chikwama cha nsima chili m'manja. Mlonda yemwe tinkadyera limodzi masana ndiye anatumidwa kuti andiuze. "Achimwene, akuti musalowe. Akuti matumba 40 a simenti sakuoneka." Ndinali nditasunga sitolo ya kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Chinika, mu Lusaka, kwa zaka 2 ndi miyezi 7. Kalata panalibe, ndipo palibe amene anandiitana kuti amve mbali yanga. Ndinangotembenuka n'kuyenda wapansi mpaka ku City Market, n'kukwera basi ya ku Chawama ngati munthu wochokera kumaliro.

Masiku 9 oyamba ndinawataya ndekha. Kapitawo anandiimbira foni kuti ndidekhe, bwana mtima ukatsika andiitana. Ndinakhulupirira. Amene ananditsegula m'maso ndi amalume anga a ku Matero, omwe anakalambira m'bungwe la antchito. Atamva nkhani yonse anangofunsa kuti, "Mphwanga, lero ndi tsiku lachingati?" Nditawauza anagwedeza mutu. "Kumudzi timati mlandu suwola. Koma mlandu wa ntchito umawola, ndipo umawola msanga."

Ananena zoona. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limati wochotsedwa ntchito mosatsata lamulo akhoza kukadandaula kwa ofesala wa zantchito, kapena kukhoti pasanathe masiku 30. Lamulo lakale la Industrial and Labour Relations Act limatchula masiku 90. Amalume anati ndisadzivute ndi kufunsa kuti lolondola ndi liti, ndingotenga lalifupilo. Ndinatenga kalendala ya kutchalitchi n'kuzunguliza tsiku la 30 ndi bolopeni yofiira.

Usiku womwewo tinalemba kalata yopita kukampani, ya mizere isanu yokha: ndachotsedwa tsiku lakuti, ndikupempha chifukwa chake cholembedwa, ndikupemphanso malipiro anga onse. Ndinapanga makope awiri. Ku ofesi mlembi ankafuna kungoilandira n'kuiponya m'dirowa, koma ndinaima pomwepo mpaka anadinda chidindo ndi kusaina pa kope langa. Kapepala kameneko kanadzagwira ntchito kuposa mawu onse amene ndinalankhula chaka chimenecho, chifukwa pambuyo pake anayesa kunena kuti ndinathawa ndekha ntchito. Wothawa ntchito salemba kalata yofunsa chifukwa chimene amuchotsera.

Kenako mapepala. Amake ana anatulutsa jumbo yomwe timasungamo makadi a kusikelo, ndipo m'menemo munali kontirakiti yanga, mapeyisilipi 19 (ena anapita ndi mvula ya ku Chawama, amene amakhala kuno akudziwa), ndi kope la fomu ya tchuthi imene ndinasaina popita kumaliro a agogo ku Katete. Fomuyo ndinatsala pang'ono kuisiya. Ndinakatenganso sitetimenti ya NAPSA, bungwe la boma losunga penshoni ya antchito. Pamalipiro anga ankadula 5 peresenti mwezi uliwonse, ndipo olemba ntchito amayenera kuikapo 5 peresenti inanso. Pasitetimentipo miyezi 6 inali mbee, yopanda kanthu. Ndalama ankadula koma osapereka.

Ku Unduna wa Zantchito, ku Government Complex pafupi ndi Kamwala, ndinafika m'mamawa ndi NRC, chitupa changa cha boma, ndi jumbo yanga. Anthu ake ndi ambiri: alonda, atsikana antchito za m'nyumba, madalaivala a mathiraki. Aliyense amangoti "tabwera ku Leba." Mayi amene anandilandira sanafune nkhani yaitali. Anafunsa mafunso atatu. Munapatsidwa kalata ya mlandu? Munaitanidwa kuti mudziyankhire? Munalandira chilichonse? Konse ndinati ayi. Anandifotokozera kuti olemba ntchito akachotsa munthu nthawi yomweyo popanda notisi, amayenera kutumiza lipoti lolembedwa kwa ofesala wa zantchito pasanathe masiku 4, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha khalidwe lake asanamve mbali yake n'kuphwanya lamulo. Chimene chinandikhazika mtima pansi kwambiri n'chakuti si ine woyenera kutsimikiza kuti sindinabe. Kampani ndiyo iyenera kutsimikiza kuti inandichotsa pachifukwa chomveka.

Anatenga kakyuleta n'kuyamba kuwerengera ndili pomwepo. Malipiro anga onse pamwezi anali K3,900. Kugawa ndi masiku 26 kumapereka K150 patsiku. Mwezi womalizawo ndinagwira masiku 17, ndiye K2,550. Tchuthi chimaunjikana masiku 2 pamwezi, ndipo anga otsala anali 22, ndiye K3,300. Notisi ya masiku 30, yomwe amayenera kupereka kwa munthu wa kontirakiti yopitirira miyezi itatu, K3,900. Zonse K9,750. Ndinafunsa za giratuite, poti anzanga ankangoitchula. Anati imeneyo, ya 25 peresenti ya malipiro oyambira, ndi ya amene kontirakiti yawo ili ndi tsiku lothera ndipo imapitirira chaka. Yanga inalibe tsiku lothera.

Anandipatsa kalata yoitana kampani, ndinakaisiya ndekha, chidindo n'kudindanso. Patsiku la msonkhano kunabwera mnyamata wa ku ofesi ya antchito, wa tayi yake, waulemu ndithu. Za K9,750 sanakangane nazo nthawi yaitali. Koma anatulutsa pepala loti ndisaine, ndipo pansi pake panali mawu akuti full and final settlement. Pamenepa m'pamene ambiri amagwera. Lendi inali itapitirira, kunyumba tinkagula unga wa pamela, ndipo ndinali nditatenga kale kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu. Dzanja linkafuna kusaina lokha. Ndinapempha kuti andiwerengere m'Chinyanja, ndipo tanthauzo lake linali lakuti ndikalandira, nkhani yonse yatha, sindidzafunsanso kalikonse kwina kulikonse. Ndinati, "Bwana, ndalama za masiku amene ndinagwira ndi zanga kale. Sindingagule nazo dzina la wakuba." Tinalemba pepala lina lonena kuti ndalandira malipiro otsala, tchuthi ndi notisi basi.

A ku Leba amayanjanitsa ndi kuonetsetsa kuti lamulo latsatidwa, koma chipukutamisozi chifukwa chochotsedwa mosayenera chimagamulidwa ndi khoti. Tsiku la 28 ndinakapereka madandaulo ku Industrial Relations Division ya High Court, imene kale inali khoti payokha lisanasinthidwe lamulo lalikulu la dziko mu 2016. Mapepala ake ndi awiri: Notice of Complaint, momwe umalemba chimene chinachitika ndi chimene ukufuna, ndi afidaviti yolumbirira, momwe umamatamo makope a umboni wako. Munthu akhoza kudziimira yekha. Ine ndinapita ku Legal Aid Board, komwe amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo anandikonzera chinenero.

Kenako kudikira. Ndinkanyamula katundu ku Soweto ndi wilibala ya mlamu wanga, ndipo mwezi uliwonse ukatha ndinkalemba K3,900 kumbuyo kwa kope la masamu la mwana wanga. Pofika mwezi wa 7, nkhani itatumizidwa kwa mkhalapakati, chiwerengero changa chinali K27,300, ndipo m'mutima ndinali nditagula kale malata.

Loya wa ku Legal Aid ataona kopelo anaseka pang'ono, osati mondinyoza. "Bambo, khoti silikulipirani malipiro a miyezi imene simunagwire ntchito." Ndinamva ngati andichotsa ntchito kachiwiri. Anafotokoza kuti makhoti a kuno amaona zimenezo ngati kulemera ndi thukuta limene sunakhetse. Chimene amapereka ndi chipukutamisozi, ndipo muyeso wake umayambira pa nthawi ya notisi, n'kukwera ngati munthu anachotsedwa mwankhanza, mochititsa manyazi, kapena ngati kupeza ntchito ina kwavuta. Kubwezeretsa munthu pantchito kumachitika mwa apo ndi apo. Kunena zoona, mpaka lero ndimaona kuti pamenepa lamulo limapepukira olemba ntchito, chifukwa njala ya miyezi 7 ija sindinaiyambitse ndine. Koma ndi mmene zilili, ndipo ndikanadziwa poyamba sindikanatenga kaloba kachiwiri podalira ndalama za m'kope.

M'chipinda cha mkhalapakati mulibe mikanjo, mumangokhala mozungulira tebulo. A kampani anabwera ndi buku la m'sitolo, lachikuto chakuda, lomwe ndinkalidziwa ngati chikhatho changa. Anatsegula tsamba la tsiku limene simenti inatuluka n'kuloza siginecha. Sinali yanga, ngakhale woilembayo anayesetsa. Ndinayang'ana deti, kenako ndinapisa dzanja m'jumbo muja n'kutulutsa fomu ya tchuthi, yopindika, yothimbirira mafuta pakona. Tsiku limenelo ndinali ku Katete, ndikukumba manda a agogo, ndipo amene anasaina kundiloleza kupita anali kapitawo yemweyo. Mkhalapakati anaika mapepala awiriwo moyandikana, osanena kanthu. Loya wa kampani anapempha mphindi khumi kuti akalankhule panja.

Atabwerako anayamba ndi mwezi umodzi. Ine ndinati miyezi 6. Loya wanga anandinong'oneza kuti tikapita kwa woweruza ndikhoza kupeza zambiri, ndikhozanso kupeza zochepa, ndipo nthawi idzapita. Tinagwirizana miyezi 3, K11,700, yolipidwa kawiri. Ndinaumirira zinthu zina ziwiri zimene kwa ine zinaposa ndalamazo: kuti akalipire miyezi 6 ya NAPSA ija, ndi kuti andipatse satifiketi yosonyeza zaka zimene ndinagwira, komanso kalata yochotsa nkhani ya kuba. Mgwirizanowo unasainidwa n'kukalembetsedwa kukhoti, ndipo ukatero umakhala ndi mphamvu ngati chigamulo. Akalephera kulipira, umapempha khoti kuti litume anthu a ofesi ya Sheriff kukalanda katundu.

Gawo loyamba linalowa pa nthawi yake. Lachiwiri linachedwa masabata atatu, mpaka loya analemba kalata yotchula za Sheriff, ndipo m'mawa mwake foni inalira. Pafupifupi theka la ndalamazo linapita kwa mwini kaloba ndi kwa alandilodi. Malata sindinagule. Satifiketi ndinakaitenga ndekha ku Chinika, ndipo mlonda uja anatsegula geti lonse, ngati mukulowa thiraki, n'kundifunsa ngati ndikudziwa kumene angakatenge sitetimenti yake ya NAPSA.