Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chala Chapakati pa Fureti 6

M'gawo lapitali ndinakusiyani ndili ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya amalume, nditagwira gitala ya lidi yomwe ndinasinthanitsa ndi njinga yanga. Inali 2009. Mu Januwale kunatuluka ndalama yapepala ya 100 trillion, ndipo pasanapite nthawi aliyense anali kuwerenga madola a ku America ndi marandi. Kwa ine phindu lake linali limodzi: nsambo za gitala zinayambanso kupezeka m'masitolo, ndinaleka kukapempha waya wa buleki kwa okonza njinga ku Mbare.

Sungura ndinali nditaigwira kale. Ndinabadwira ku Dedza, koma makutu anga anakulira ku Harare, ndipo nyimbo imeneyi timaiona ngati yathu ndithu, poti akatswiri ake ngati Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso makolo awo anachokera kwathu. Zala zanga zinkathamanga, ndipo ndinkadzimva.

Lamulungu lina titaweruka ku CCAP, ndinatsalira ndi anyamata a kwaya n'kumaonetsa luso. Gogo wina amene ankakhala mpando wakumbuyo anaima ndi ndodo yake n'kumvetsera mpaka ndinamaliza.

“Mdzukulu, zala uli nazo,” anatero. “Koma ukuthawa ndani?”

Anyamata anaseka. Ine magazi anawira, koma munthu wa imvi sumuyankha. Pambuyo pake ndinamva kuti agogowa anabwera kuno nthawi ya Chitaganya, mzinda ukutchedwa Salisbury, ankaperekera zakudya m'mahotela, ndipo Loweruka usiku ankavula yunifolomu n'kunyamula gitala. Sabata yotsatira ndinakwera kombi kupita kwawo ku Highfield, kufupi ndi Machipisa.

Sanayambe ndi gitala. Anati ndiyimbe pakamwa monga timachitira ku kwaya: la, do, re, mi, so, la. Fa ndi ti anazitaya. Manota asanu amenewa sanandivute, ankamveka ngati zinthu zomwe ndinazimvapo amayi akusinja. Kenako anati pakati pa re ndi mi ndiikepo nota ina. Pakamwa panga panakana. Zaka zonse za ku kwaya zinandiphunzitsa kuti pamenepo palibe chilichonse, ndipo ukapondapo aphunzitsi a kwaya amaimitsa nyimbo.

“Pali munthu pamenepo,” anatero agogo. “Kungoti simumupatsa moni.”

Kwa amene muli ndi gitala pafupi, nazi zomwe anandionetsa, mu kiyi ya A. Chala chamkombaphala chikhale pa fureti 5 (mafureti ndi timipata tapakati pa tizitsulo ta pakhosi pa gitala, towerengedwa kuyambira kumutu kwake). Nsambo yonenepa ya pamwamba: 5 ndi 8. Yotsatira: 5, 6, 7. Kenako 5 ndi 7. Kenako 5, 7, 8. Ziwiri zowonda zija: 5 ndi 8 iliyonse. Manota ake ndi A, C, D, E flat, E ndi G. E flat ndiye mlendo uja, ndipo amapezeka pawiri: pa fureti 6 ya nsambo yachisanu (nsambo timawerenga kuyambira ku yowonda ya pansi), pansi pa chala chapakati, ndi pa fureti 8 ya nsambo yachitatu. Oyimba amaitcha blue note. Mukaichotsa mwatsala ndi manota asanu aja, otchedwa minor pentatonic, mukaibwezera ndiye sikelo ya blues.

Nditaikhudza koyamba ndinaganiza kuti gitala yachoka pa kiyi, ndinafuna kuyamba kuchuna. Agogo anandimenya kadzanja. Anati nota imeneyo umapondapo ngati pa phulusa lamoto: waponda, wachoka, kupita ku D kapena ku E. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa chitupa chawo chachitsulo chija cholembedwa kuti ALIEN. “Zaka zoposa 50 ndili kuno, ana ndabereka kuno, akazi anga ndinaika kuno, koma ichi chikuti ndikungodutsa. Ndiye ine ndi notayi timadziwana.” Anaseka okha mpaka kutsokomola. Ine sindinadziwe ngati n'zoseka.

Mawonekedwe a zalawo ndinawaloweza usiku umodzi. Loweruka lotsatira ndinafika monyada, n'kukwera sikelo yonse n'kutsika ngati mwana wothamanga pa masitepe. Agogo anangodzuka kukatereka madzi a tiyi.

Atabwerako anatenga gitala yawo yabokosi n'kuyamba kundiyalira mphasa: mabala 12 (bala ndi kachigawo ka nyimbo ka kugunda kanayi), lililonse ndi kodi yake, kutanthauza manota oyimbidwa pamodzi. A7 kanayi, D7 kawiri, A7 kawiri, E7 kamodzi, D7 kamodzi, A7 kawiri, n'kubwereranso poyamba. Ndinadabwa kuona kuti ndi A, D ndi E omwewo amene timazungulirapo mu sungura ndi m'nyimbo zambiri za m'tchalitchi. Chosiyana n'chakuti pansi pakulira major, pamwamba iwe ukuyenda mu minor, ndiye C wako amakhulana ndi C sharp wa mu A7. Kukhulanako ndiye ndiwo yake. Anandionetsa kukankha C pang'ono chabe, asafike pa C sharp, angolendewera pakati. Pa kiyibodi ya kutchalitchi malo amenewo kulibe.

Lamulo lawo linali lakuti chomwe sindingathe kuyimba pakamwa ndisachiyimbe pa gitala. Ndiyimbe kachiganizo kafupi, ndikabwereze pa nsambo, kenako ndikhale chete mabala awiri. Anati nyimbo za blues zinachokera kwa anthu akuda a kumwera kwa America, cha ku Mississippi, ndipo zimayenda mopolokozana: wina atsogolera, wina avomera. Ukadzaza ponseponse, wovomera alowera pati? Kunena zoona mabala awiri achete aja anandivuta kuposa china chilichonse. Zala zinkayabwa.

Kenako kunabwera kupinda nsambo. Nsambo yachitatu pa fureti 7, ukankhe m'mwamba ndi zala zitatu pamodzi mpaka ilire ngati fureti 9. Ukaperewera imamveka ngati mbuzi yomangidwa, ukapyola chimodzimodzi. Nsonga za zala zinatuluka matuza, mpaka agogo anandiuza kuti ndigule nsambo zowonda, za saizi 9, zomwe zimapindika msanga. Masiku amenewo magetsi ankazima pafupipafupi, choncho ndinkayeserera pa kandulo popanda ampu. Ngakhale choncho akazi a amalume anagogoda tsiku lina n'kufunsa kuti, “Kodi mphaka ameneyu mwamutenga kuti?”

Patatha miyezi itatu ndinaona ngati ndapsa. Bandi ina yomwe ndinkaithandiza inaitanidwa ku ukwati wa anthu akwathu ku Dzivaresekwa. Nthawi ya perekaniperekani, sungura ikuwira mu A, azimayi atamanga zitenje akuponya madola m'lichero, ndinati lero adziwe. Ndinatsika pa fureti 5 n'kupinda nsambo, kenako ndinakhazikika pa E flat ngati ndalipira lendi. Mayi wina anaima dola ili m'mwamba n'kutembenuka. Woimba bezi, mnyamata wa Chishona, anandiyandikira n'kundikalipira m'chinenero chake kuti achimwene, tili pa ukwati pano, si pa maliro. Ndinathawira ku mafureti a m'mwamba komwe ndinazolowera, ndipo tsiku lonselo sindinayang'ane munthu kumaso.

Agogo nditawafotokozera anaseka mpaka misozi. Atapukuta m'maso anagwira dzanja langa n'kulitsitsa mafureti atatu, chamkombaphala chikhale pa fureti 2. Zala ziyende chimodzimodzi, koma kwanu tsopano ndi pomwe pagwera kachala kakang'ono, pa fureti 5 ya nsambo yonenepa, yemwe ndi A yemweyo. Manota asanduka A, B, C, C sharp, E ndi F sharp. Mlendo tsopano ndi C, ndipo amangotsetserekera ku C sharp akumwetulira. Ndinayesa pa kayendedwe ka sungura, zinalowa ngati zinabadwira momwemo.

“Bwanji simunandiuze kale, agogo?”

“Unandifunsa?”

Ndalama sankalandira. Malipiro awo anali tiyi wa ku Thyolo, ndipo ndinkachita kudikira basi yochokera ku Blantyre kuti ndiwapezere paketi. Tsiku lomwe ndinapita ndi paketi yachinayi ndinapeza chitseko chokhoma, gitala yawo yabokosi itasiyidwa kwa aneba ndi kakalata kolembedwa dzina langa. Za kalatayo tidzakamba m'gawo 10.