Ngongole imene imadikira kuti mwana akule

Pa maliro a msilikali wa ku America amene wafera pa ntchito, anzake amachotsa mbendera imene inafunditsidwa pa bokosi, n'kuipinda mosamala mpaka itasanduka ya ngodya zitatu, kenako mmodzi amawerama n'kuipereka m'manja mwa mayi wamasiye. Ndikaona chithunzi cha mwambo umenewu maso anga sakhalitsa pa mbenderayo. Amathamangira kwa kamwana kamene kakhala pambali pa mayi ake, miyendo ili lendelende pa mpando chifukwa sinayambe kufika pansi. Kamwana kameneka kadzamva kulemera kwenikweni kwa imfayi patapita zaka 15, pamene fizi ya ku koleji idzafunike, opepesa maliro onse atabalalika kalekale.

Dziko la America linachedwa kuliona vuto limeneli. Lamulo lotchuka la GI Bill, limene Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasaina mu 1944, linkalipirira maphunziro asilikali amene anabwerako amoyo ku nkhondo, koma ana a amene anatsala kumeneko anadikira mpaka 1956 kuti Nyumba ya Malamulo iwakumbukire. Thandizo la chaka chimenecho likadalipo, pano limadziwika ndi dzina lakuti DEA, ndipo limapereka ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa wophunzira kuti aone yekha mmene angaigawire.

Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi imfa ya John David Fry, msilikali wa ku Texas amene ntchito yake inali yophwasula mabomba. Iye anavulala dzanja ali ku Iraq ndipo anapatsidwa mwayi wobwerera kwawo, koma anasankha kukhalabe ndi anzake. Pa 8 Malichi 2006, kutatsala masiku owerengeka kuti anyamuke, bomba linamuphulikira m'chigawo cha Anbar. Anali ndi zaka 28, ndipo anasiya mkazi ndi ana atatu. Mu 2009, pokakamira phungu wa kwawoko, Chet Edwards, boma linakhazikitsa thandizo lotchedwa Fry Scholarship la ana a asilikali amene anafera pa ntchito kuyambira pa 11 Seputembala 2001. Limalipira fizi yonse pa koleji ya boma ya m'dera limene wophunzira amakhala, limapereka ndalama ya nyumba mwezi uliwonse komanso ya mabuku yofika madola 1,000 pa chaka, ndipo limatenga miyezi 36 ya maphunziro, imene imakwanira digiri yoyamba. Ndalama ya nyumbayo ndimaiona kuti ndi yofunika mofanana ndi fizi, pakuti mwana wamasiye amene alibe pogona adzathera nthawi ya makalasi akusaka ganyu ngakhale fizi yake italipiridwa yonse.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amayi ndi abambo amasiye anaiwalidwa pa thandizo la Fry limeneli mpaka lamulo la 2014, limene linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2015. Komatu mkazi wa msilikali nthawi zambiri amakhala atasiya sukulu kapena ntchito yake chifukwa chosamukasamuka potsatira mwamuna wake kumene watumizidwa, ndipo mwamunayo akamwalira, ndi iyeyo amene ayenera kudyetsa ana lero lomwe, zaka za koleji zisanafike n'komwe. Lamulo la 2014 lija linanenanso kuti wamasiye akakwatiwanso wataya mwayiwu, ndipo mfundo imeneyi sindinagwirizane nayo, chifukwa banja latsopano silibweza zaka zimene munthuyo anataya.

Nkhani ya nthawi ndiyo imandisonyeza ngati boma likumvetsadi ngongole yake. Poyamba mwana ankayenera kugwiritsa ntchito thandizoli asanafike zaka 33, koma lamulo la 2017 linachotsa malire amenewa kwa ana amene anakwanitsa zaka 18 kuyambira mu Januwale 2013. Zimenezi n'zoyenera, chifukwa chisoni sichiyendera kalendala: pali mwana amene amafooka m'kalasi bambo ake atangomwalira, n'kudzapezanso mphamvu zowerenga ali kale ndi ana akeake. Ena amalitcha thandizoli chipukuta misozi, koma ine dzinali ndimalikana. Bamboyo akanakhala moyo akanalipira yekha fizi imeneyi kuchokera pa malipiro ake, choncho dziko limene linamutuma likungosenza katundu amene linamulanda.

Ngakhale zili choncho, ndalamazi sizibwera zokha. Mwanayo ayenera kulemba fomu nambala 22-5490 ya unduna woona za asilikali akale, ndipo pa fomuyo amafunsidwa dzina la kholo lake, nthambi ya usilikali imene linkagwirako ntchito ndi tsiku limene linamwalira. Mtsikana amene anali ndi zaka zitatu pa tsiku la mbendera lija amayenera kudzuka pa kompyuta, kupita kwa mayi ake n'kuwapempha kuti atsegule chikwama cha mapepala chimene sichinatsegulidwe kwa zaka zambiri. Alipo mabanja amene sadziwa n'komwe kuti fomuyi ilipo, ndipo n'chifukwa chake ndikuona kuti boma, limene lili ndi mayina a ana onsewa m'mabuku ake, liyenera kumawalembera kalata lokha chaka chimene akumaliza sekondale.