Difu ya pikapu yasiya kundizunguza mutu

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikulemba m'kope chiganizo chimene ndinachiloweza koma osachikhulupirira, chakuti difu yotseguka (difu ndi bokosi la magiya logawira mphamvu ya injini ku tayala lakumanzere ndi lakumanja, ndipo yotseguka ndi imene siinakhomedwe) imatumiza mphamvu yonse ku tayala limene likuterereka. Pa mayeso ndinkachilemba ndipo ankandichongera, koma funso silinkachoka mumtima: chitsulo chopanda maso chingadziwe bwanji tayala limene lili pamatope kuti chilikondere? Sabata yathayi mfundoyi yamasuka, mtima wanga wakhala pansi, ndipo ndati ndilembe zisanazilale. Za magiya ang'onoang'ono a m'kati mwa difu, kapena kusiyana kwa 4H ndi 4L (magiya oyendetsera matayala onse anayi, mothamanga kapena pang'onopang'ono), sindikhudzako, pakuti ife amene tikuphunzira za magalimoto tinazidutsa kalekale.

Chimene ndagwira n'chakuti difu yotseguka sikondera tayala lililonse. Nthawi zonse imapereka torque, kutanthauza mphamvu yopotokola, yofanana ku matayala onse awiri, ndipo chimene imalola kuti chisiyane ndi liwiro la kazunguliridwe kokha. Tsono torque siingakhalepo popanda chinthu chokaniza, monga momwe munthu sangaikire mphamvu pa nati yomasuka kale ngakhale sipanala yake itakhala yaitali bwanji. Tiyerekeze kuti tayala lakumanzere lili pamatope ndipo lingapirire torque ya 100 Nm (Nm ndi muyezo wa torque) yokha lisanayambe kupota. Lakumanja, ngakhale litaponda pamwala wouma woti n'kukoka galimoto yonse, lilandiranso 100 Nm yomweyo, chifukwa difu singalipatse zoposa zimene mnzake akupirira. Woyendetsa akawonjezera moto, torque sikwera kwenikweni. Chimene chimakwera ndi liwiro la tayala lapamatope, limene limazungulira kuwirikiza kawiri liwiro la difu pamene linzake laima. Choncho malire amaikidwa ndi tayala lofooka. Ndikamabwereza mawu amenewa ndimadabwa kuti chinthu chapafupi chotere chinandibisalira nthawi yonseyi.

Mfundoyi sindinaipeze m'buku. Tinaimika pikapu pa masitandi, matayala akumbuyo ali m'malere, injini yozimitsa, giya ili pa nyutilo. Mnzanga wina anayamba kupotokola shafiti yopita ku difu ndi manja, ine n'kugwira tayala lakumanzere. Linaima mosavuta, moti ndikanatha kuligwira ndi zala zitatu, pamene lakumanja linkathamanga lokha. Kenako mnzathu wachitatu anapanikiza tayala lakumanjalo ndi chisanza, ndipo nthawi yomweyo langa linayamba kulimbana nane, likufuna kupulumuka m'manja. Iye akapanikiza kwambiri, kwa ine kunkalimbanso. Akamasula, kwa ine kunkafewa. Ndinamva m'mikono chimene miyezi itatu ya zojambula pabolodi inalephera kundiuza. Ine tsopano ndikukhulupirira kuti palibe phunziro la difu loyenera kuyamba galimoto isanakwezedwe pa jeke, ndipo ndikanakhala ndi ulamuliro ndikanaletsa choko mpaka wophunzira aliyense atagwira tayala ndi manja ake. Ena adzati njirayi sisonyeza masamu ake, koma masamu amabwera okha munthu akamva kukaniza kwa chitsulo.

Chisanza cha mnzangacho ndiye traction control imene, makonzedwe a kompyuta oletsa tayala kupota pachabe. Kompyuta imawerenga liwiro la tayala lililonse kudzera m'masensa omwewo a ABS (makonzedwe oletsa matayala kukhomeka pomanga buleki), ndipo ikaona kuti limodzi likupota kuposa anzake, imalimanga buleki. Bulekiyo imalowa m'malo mwa nthaka youma imene tayalalo likusowa, motero torque ya mbali imeneyo imakwera, ndipo popeza difu yotseguka imagawa mofanana, ya mbali inayo imakweranso. Toyota imatcha makonzedwe ake A-TRC pa Hilux, makampani ena ali ndi mayina awo, koma nzeru yake ndi imodzi. Zofooka zake zonse zikutuluka pa mfundo yomweyi. Tayala liyenera kuyamba lapota kaye kompyuta isanachitepo kanthu, n'chifukwa chake woyendetsa amene amachotsa phazi akangomva phokoso la mabuleki amasokoneza ntchito isanathe. Ayenera kusunga moto mosasintha. Komanso mphamvu imene buleki yagwira siyendetsa galimoto, imasanduka kutentha, ndipo pa chikweza chachitali cha miyala mabuleki akatentha kwambiri kompyuta imasiya kaye kuthandiza kuti aziziritse. Palinso mtundu wa traction control wokonzedwera pamsewu wa phula, umene umachepetsa mphamvu ya injini tayala likaterereka, ndipo umenewo pamchenga wofewa umatitimiritsa galimoto chifukwa umapha liwiro pa nthawi imene likufunika kwambiri.

Diff lock, chipangizo chokhomera difu, imatembenuza lamulo lija. Difu yotseguka imafananitsa torque n'kumasula liwiro, pamene yokhoma imafananitsa liwiro n'kumasula torque. Mashafiti awiri aja amasanduka ngati mtanda umodzi, ndipo ngati tayala lina lili m'malere, pafupifupi torque yonse ingathe kupita ku limene laponda pansi popanda kudikira kuti china chiterereke kaye. Makhomedwe ake ndi osiyanasiyana: ARB Air Locker ya ku Australia imagwiritsa ntchito mpweya wopanikizidwa, Hilux ndi Ford Ranger zambiri zili ndi batani lamagetsi la difu yakumbuyo, G80 ya Eaton pa mapikapu a Chevrolet imadzikhoma yokha matayala akasiyana liwiro, ndipo Land Cruiser 79 imapezeka ndi loko kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mtengo wake wa kukhomaku umaoneka pokhota. Ngati matayala atalikirana mamita 1.5, galimoto ikazungulira bwalo lathunthu tayala lakunja limayenda mamita oposa 9 kuposa lamkati, bwalolo likule kapena lichepe. Difu ikakhala yokhoma, kusiyana kumeneko kulibe kothawira, ndiye pamatope tayala limangokhwekhwereka pang'ono, koma pa phula louma ndi mashafiti ndi magiya amene amalipira.

Apa ndi pamene ndinamvetsanso chifukwa chake pikapu yolembedwa 4x4 imatha kukanika pa kangalande kakang'ono. Pa mapikapu ambiri 4H ndi 4L zimangomangiriza ekiselo (mtanda wolumikiza matayala awiri) yakutsogolo ndi yakumbuyo kuti ziziyendera limodzi, koma difu ya ekiselo iliyonse imakhalabe yotseguka. Galimoto ikapingasa ngalande mwakuti tayala lakutsogolo kumanzere ndi lakumbuyo kumanja zapepukidwa, ekiselo iliyonse imakhala ndi tayala lake lofooka, ndipo awiri amene aponda pansi amalandira zochepa zomwezo.

Kunena zoona ndili ndi kachidandaulo ndi mmene tinaphunzitsidwira. Chiganizo ndinkalemba m'kope chija sichabodza kwenikweni, chifukwa mphamvu ya ntchito ndi torque kuchulukitsa ndi liwiro, ndipo tayala loima silikugwira ntchito iliyonse ngakhale lili ndi torque. Koma aphunzitsi athu sanasiyanitse ziwirizi, ankangoti mphamvu, mphamvu, ndipo nditafunsa kuti mphamvu yake iti, anandiyankha kuti zimenezo sizibwera pa mayeso. Mutu wonsewu unapatsidwa masana amodzi, pamene kumasula ndi kumanga mabuleki tinabwereza milungu ingapo. Ndikudziwa kuti nawonso amathamangitsana ndi silabasi, ndipo pikapu yophunzirira ndi imodzi pa gulu lonse, komabe zimandipweteka kuganiza kuti anzanga ena adzalandira satifiketi akukhulupirira kuti difu imasankha tayala. Munthu wotere akadzamubweretsera galimoto imene mabuleki ake akulira pamatope, angathe kuyamba kufunafuna vuto pamene palibe.

Chimene chikundivutabe ndi kusankha pakati pa traction control ndi diff lock galimoto ili pa malo enieni. Mtima wanga umakokera ku diff lock chifukwa ndi chitsulo chogwirika ndipo imagwira ntchito vuto lisanayambe. Koma pa malo oterera opendekeka cham'mbali, matayala onse akumbuyo akapota pamodzi sipatsala logwira nthaka, ndipo kumbuyo kwa galimoto kumatsetserekera kumunsi, pamene difu yotseguka ikanasiya tayala limodzi litaima ngati nangula. Palinso magalimoto amene amazimitsa traction control ukangokhoma difu yakumbuyo, zimene zikutanthauza kuti wapindula kumbuyo koma kutsogolo wabwerera ku difu yotseguka yopanda chothandiza. Pa masitandi zonsezi ndikuziona bwinobwino. Ngati ndidzathe kuzizindikira nditagwira chiwongolero, galimoto itapendekeka ndipo batani lili pafupi ndi chala, zimenezo sindinaziyesebe, ndipo ndikukayika ngati jeke ingandiphunzitse mbali imeneyo.