Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Mbendera ya Pawindo

Zikomo nonse amene mwakhala mukundifunsa kuti ndipitiriza liti. Paja tinasiyira pomwe mlongo wanga wamng'ono ananyamuka ku Lilongwe mu Novembala 2023, m'gulu la achinyamata oposa 200 opita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, patangopita milungu 7 chiyambireni nkhondo ya ku Gaza.

Ine nthawi imeneyo ndinali ndikusamalirabe agogo aja a ku Dublin, likulu la Ireland, amene ndinakuuzani kuti sankamwa tiyi wopanda ine. Tsiku lina ndinapeza mdzukulu wawo atamata mbendera ya Palestine pawindo. Mtima wanga unawawa. Ndinakulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo, momwe dzina la Israel limatchulidwa pa pemphero lililonse la madzulo. Miyezi 6 ndinkapukuta windo limenelo osanena kanthu.

Pa 22 Meyi 2024 ndikuwapesa tsitsi, nduna yaikulu ya Ireland, Simon Harris, inalengeza pa TV kuti Ireland ivomereza Palestine ngati dziko, pamodzi ndi Spain ndi Norway. Agogo anayamba kulira. Ine chipeso chinagwa m'manja. Ndinati, "Agogo, mlongo wanga ali komweko. Usiku uliwonse amathamangira m'chipinda chobisalamo mabomba." Ndinalira mpaka mawu anatha, chifukwa aka kanali koyamba kutulutsa mantha amenewa pakamwa. Iwo sanandidule. Anandigwira dzanja ndi zala zawo zozizira zija, tinangokhala choncho phala likuzizira patebulo.

Kenako anandiuza za Arthur Balfour. Munthuyu anayang'anira Ireland m'malo mwa boma la Britain kuyambira 1887 mpaka 1891, ndipo anthu a kuno anamutcha Bloody Balfour chifukwa cha nkhanza. Mu 1917 yemweyo, ali nduna yoona zakunja, analemba kalata yolonjeza Ayuda kwawo ku Palestine, pomwe Aluya amene anali ochuluka m'dzikomo sanatchulidwe n'komwe dzina. Britain inalamula kumeneko mpaka 1948, n'kuchoka moto utayaka kale. Nditamva 1891 ndinakumbukira za kusukulu: chaka chomwecho ndi pomwe Angelezi anatenga dziko lathu.

Tsono inu achimwene amene munalemba pansi pa Gawo 13 kuti ndinasiya Mulungu chifukwa cha ndalama za azungu, ndikuyankheni pano. Sindinasiye kupempherera Israel, mwana wa mayi anga amadya kumeneko. Sindinaiwale anthu amene gulu la zida la ku Gaza la Hamas linapha ku Israel pa 7 Okutobala 2023. Koma ndinaona kuti azunguwo sali pamodzi. Germany, posenza mlandu wa Ayuda 6 miliyoni amene inapha, inapitiriza kugulitsa zida ku Israel. Ireland inayenda njira ina, mpaka mu Disembala 2024 Israel inalengeza kuti itseka ofesi ya kazembe wake ku Dublin. Aliyense akulipira ngongole ya mbiri yake, koma oikidwa m'manda ndi ana a ku Gaza ndi a ku Israel.

Nditayesa kufotokozera bambo zimenezi pa WhatsApp, anangoti, "Mwanawe, usalimbane ndi mtundu wosankhidwa." Miyezi itatu sanayankhe foni yanga. Agogo anamwalira nyengo yozizira yomweyo, ndipo mbendera ija ndinaimatula ndine, pokonza chipinda chawo komaliza.