Zimene ndaphunzira pa purge valve mukasintha injini

Injini ina ikaikidwa m'galimoto, kapaipi kochokera ku canister (kachitini kosunga nthunzi ya petulo) ndi kamene kamaiwalika. Ena amakatseka ndi bawuti, ena amangokalowetsa mu intake manifold (njira yolowetsa mpweya mu injini) popanda purge valve, valavu yotsegula ndi kutseka njira ya nthunziyo. Njira zonsezi zimabweretsa mavuto.

Petulo amatulutsa nthunzi m'thanki, makamaka kukatentha. Nthunziyo imapita mu canister, mmene muli makala amene amaisunga. Injini ikatentha, ECU (kompyuta ya injini) imatsegula purge valve kuti nthunziyo iyamwidwe ndi kukapsa pamodzi ndi mafuta. Mfundo imene ndaigwiritsitsa ndi iyi: nthunziyi ndi mafuta ndiponso mpweya umene sensa ya MAF (yoyeza mpweya wolowa mu injini) sinauwerenge. Choncho valavuyo iyenera kulamulidwa ndi ECU imene ikuthira mafuta mu injini yatsopanoyo, chifukwa ndi yokhayo imene ingachepetse petulo nthunzi ikamalowa.

Mukatseka kapaipiko, makala amakhuta ndipo galimoto imayamba kununkha petulo. Mukatsekanso popumira thanki, pampu imakoka mafuta popanda mpweya wolowa m'malo mwake, thanki n'kuyamba kufwamphukira m'kati. Mukalumikiza popanda valavu, injini imayamwa nthawi zonse: imanjenjemera ikaima, ndipo imavuta kulira mukangomaliza kuthira mafuta.

Valavu zambiri zili ndi mawaya awiri. Wina amalandira 12V mukatembenuza kiyi, winayo amapita ku ECU, imene imamugunditsa ku ground (mbali ya negative) mwa kaphanikaphani, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Musanaimange, iyeseni. Pa multimeter, zambiri zimaonetsa ma ohm pakati pa 20 ndi 30. Ipemerereni ilibe magetsi: mpweya usadutse. Ipatseni 12V: imveke kuti "thi" ndipo itseguke. Onaninso kamuvi kosonyeza kumene mpweya ukulowera, ndipo paipi ikhale yopirira petulo, chifukwa ya labala wamba imafewa n'kuphwatalala.

Pa ECU yochita kuikonza nokha ndi pamene pafunika kudekha. Valavu isatseguke injini ili yozizira, kapena sensa ya oxygen (yoyeza mpweya wa mu ekizozi) isanayambe kuwongolera mafuta, kapena mutaponda moto mpaka pansi. Pa idle (injini ikulira musanaponde moto) ndi bwino ikhale yotseka. Yambani ndi duty cycle (gawo la nthawi imene valavu imakhala yotseguka) yochepa, monga 10%, n'kumakweza pang'onopang'ono mukuyang'ana short term fuel trim (nambala yosonyeza mmene ECU ikuwonjezera kapena kuchepetsa mafuta). Ikatsika kwambiri kumbali ya minus, ndiye kuti canister yadzaza ndipo mwatsegula mothamanga. Ngati waya wa ECU ulibe chitetezo chake, ikani flyback diode (kachipangizo koteteza ku magetsi obwerera) pa valavuyo, apo ayi magetsi obwerera angaotche transistor ya mu ECU.

Injini ya turbo imafuna check valve (valavu yolola mpweya kudutsa mbali imodzi yokha) pakati pa manifold ndi purge valve. Popanda imeneyi, boost (mphamvu ya mpweya wopopedwa ndi turbo) imakankhira mpweya mu canister mpaka kuthanki.

Ndi ECU yobwera ndi injini, makodi (manambala a zovuta amene ECU imasunga) amakuuzani pogona vuto. P0443 ndi ya mawaya kapena koyilo ya valavu, P0441 ndi nthunzi yosayenda moyenera, P0455 ndi kudontha kwakukulu, kumene nthawi zambiri kumangokhala chitsekerero cha thanki. Makodi a kudontha amavuta ngati thanki yakale ilibe sensa ya pressure ndi vent valve (valavu ya popumira canister) zimene ECU yatsopano ikuyembekezera. Pamenepo muyenera kusamutsanso zipangizo zimenezo kuchokera m'galimoto imene munachotsamo injiniyo.