Tayala linaphwa, akabawi anafika

Mvula yeniyeni inagwa ku Zomba usiku wa Lachisanu kumapeto kwa Novembala, ndipo Loweruka masana ndinali kale pa depoti ndi kope komanso magalasi oonera patali obwereka kwa mlamu wanga. Cholinga chinali kukafika ku Emperor's View, pamwamba pa phiri. Fumbi ndi utsi wa Okutobala zikatsukidwa ndi mvula, pamenepo nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka bwinobwino, ndipo mbalame zolusa zimadutsa pafupi zikamakwera ndi mphepo.

Wa kabaza anayamba ndi K15,000, tinagwirizana K10,000. Njinga yake inali yotopa, ndinaona, koma ndinakwera basi. Tisanafike ndi theka la msewu wa Ku Chawe, tayala lakumbuyo linangoti fwee. Pampu analibe, chigamba analibe. "Achimwene dikirani pompano, ndibwera pompopompo." Anatsika akukankha njinga, ndalama yanga ili m'thumba mwake. Musamalipire musanafike, ndakuuzani.

Ndinakhala pamwala ndikutukwana chamumtima. Chapafupi panali bambo wachikulire atatsamiritsa njinga ya nkhuni pamtengo, akukukuta chimanga chokazinga. Anandiyang'ana, nayang'ana magalasi aja.

"Mwana wanga, ukufuna nyani?"

"Ayi bambo, mbalame. Akabawi ndi ziwombankhanga."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati chaka chino mphamba wawatengera anapiye asanu ndi awiri, ndiye ine ndalipira kabaza kuti ndikamuone wakubayo? Ndinalibe choyankha. Mphamba wa mlomo wachikasu ndi wakubadi, ndipo amabwera kuno cha mu Ogasiti kuchokera mayiko ena a mu Africa momwemuno.

Cha m'ma 4 koloko, kumunsi kwa msewu pa chulu china ngumbi zinayamba kutuluka, zikukwera ngati utsi. Choyamba anafika anamzeze. Kenako mlengalenga munadzaza timbalame ta mapiko osongoka, tochepa ngati nkhunda. Tamphongo n'totuwa moderako, miyendo yofiira, kunsi kwa mapiko koyera. Tatikazi n'tamawangamawanga pachifuwa. Kamagwira ngumbi ndi phazi, n'kuweramitsa mutu, kudya kali mlengalenga, mapiko a ngumbi akugwa pang'onopang'ono. Manja anga ankanjenjemera. Awa anali akabawi a ku Amur, omwe pa Chingelezi amati Amur falcon.

Amaswana kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China. Kukayamba kuzizira amatsikira ku India, amasonkhana ku Nagaland n'kunenepa ndi ngumbi za kumeneko, kenako amaoloka nyanja ya mchere ya India osatera, mtunda woposa makilomita 3,000. Kambalame kosafika ndi magalamu 200! Ku Nagaland komweko, pafupi ndi damu la Doyang, mu 2012 anthu ankawakola ndi maukonde miyandamiyanda n'kumagulitsa ngati ndiwo, mpaka midzi inagwirizana zosiya. Ndinawafotokozera bambo aja zonsezi. Anangofunsa chimodzi: "Anapiye amagwira?" Ndinati ayi, awa chakudya chawo chachikulu ndi ngumbi, ziwala ndi atombolombo. "Ndiye ndi alendo abwino," anatero.

Kuwerenga kunandivuta. Ndikafika 30 gulu latembenuka, ndayambiranso. Ku Batumi m'dziko la Georgia, kumene mbalame zolusa zoposa miliyoni imodzi zimawerengedwa pakati pa Ogasiti ndi Okutobala chaka chilichonse, anthu amakhala ambiri, aliyense ndi mbali yake ya thambo. Ine ndinali ndekha ndi bolopeni yokana kulemba. Bambo aja anandiona ndikuvutika, navula chipewa n'kuchiika pansi. Anati ndisankhe mtengo umodzi wa paini, ndiziwerenga okhawo odutsa mtengowo kulowera kumwera, ndikafika khumi ndinene, iwo aziponya njere imodzi ya chimanga m'chipewa. Amati ndi mmene ankawerengera matabwa ali mnyamata, akugwira ntchito yocheka m'phirimu. Magalasi ndinawabwereka kanthawi, poyamba anawagwira chozondotsa, koma atawona kamphongo kamodzi pafupi anangoti "Ee, kavala masokosi ofiira."

Pamwamba penipeni pankazungulira mbalame zina ziwiri zazikulu zofiirira, za mapiko otambalala, zimene zimachokera ku Russia. Izo sitinaziponyere njere.

Dzuwa litapendeka, ngumbi zinatha ndipo thambo linayera ngati sipanachitike kanthu. M'chipewa munali njere 14. Ndinalemba 140 m'kope mochita kukanda ndi bolopeni ija, bambo aja n'kukhuthulira njerezo m'kamwa.

Ku Emperor's View sindinafike. Wa kabaza sanabwerenso. Ndinatsika wapansi, ndikuthandiza kugwira njinga ya nkhuni kumbuyo chifukwa mabuleki ake anali chidutswa cha tayala chopondera ndi phazi, ndipo tinafika m'tauni kutada, nsapato zanga zili matope okhaokha.